MAFUTA A CHIMBALANGONDO ANKAGWIRA NTCHITO MUMPHIKA NDI PAMFUTI POMWE

Ku dziko la United States, limene pa Chipwitikizi timati Estados Unidos, kuli katauni kakang'ono ka anthu osakwana 300 kotchedwa Oil Trough. Katauni kameneka kali m'mbali mwa mtsinje wa White, m'chigawo cha Arkansas, ndipo dzina lake likunena za chipika chosemedwa ngati bwato chosungiramo mafuta. Mafuta ake sanali a galimoto kapena a mpendadzuwa ayi. Anali mafuta a chimbalangondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 alenje ankamanga misasa pamalopo, kupha zimbalangondo, kuyenga mafuta ake ndi kuwathira m'zipika zoterezi, podikira tsiku lowatsitsa pamadzi kupita ku msika wa mumzinda wa New Orleans.

Nthawi imeneyo, m'midzi ya kumapiri ndi kunkhalango za dzikolo, mtsuko umodzi wa mafuta amenewa unkatumikira banja lonse. Mayi ankatungamo okazingira ndiwo, bambo ankatungamo odzoza mfuti yake, otsala ankapaka nsapato ndi kuyatsira nyale. Ife kuno tilibe chimbalangondo, koma mfuti ya gogodera timaidziwa, ndipo kuyenga mafuta a nkhumba ndi ntchito imene amayi ambiri amaichita. Tsono tiyeni timve chimene chinachititsa kuti mafuta a chinyama chimodzi akhale ofunika chonchi, ndiponso chimene chinagwera chinyamacho anthu atayamba kuchiona ngati ndalama.

Chinyama chake

Ambiri a ife dzina lakuti chimbalangondo tinangolimva powerenga, koma chinyama chake sitinachionepo. M'Africa muno mulibe zimbalangondo zam'tchire. Zimene zinalipo zinkakhala kumapiri a Atlas, kumpoto kwenikweni, ndipo zinatha m'zaka za m'ma 1800. Chimene tikunena pano ndi chimbalangondo chakuda cha ku North America. Ndi chinyama cha ubweya wambiri, cha mchira waufupi, chodziwa kukwera mitengo, ndipo chachimuna chachikulu chimatha kupitirira makilo 200.

Ngakhale chili ndi mano ndi zikhadabo zoopsa, chakudya chake chambiri ndi zomera: msipu, mizu, tizipatso tam'tchire ndi mtedza wa m'mitengo ikuluikulu monga oak, beech ndi hickory. Chimadyanso nyerere, uchi, nsomba ndi nyama chikaipeza.

Kumeneko nyengo yozizira imayamba pamene kuno mvula ikuyamba, ndipo kumazizira mpaka madzi kuuma ngati mwala. Chakudya chimasowa. Choncho kuyambira cha m'Sepitembala mpaka Novembala chimbalangondo chimadya usana ndi usiku womwe, mpaka mafuta a pamsana ndi m'matako kukhuthala ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kenaka chimalowa m'phanga kapena m'mphako ya mtengo n'kugona miyezi ingapo, osadya, osamwa, osapita kuthengo. Chimakhala ndi moyo chifukwa cha mafuta aja. Tinganene kuti mafutawo ndiwo nkhokwe yake. Chikamadzuka chimakhala chitaonda kwambiri, ndipo n'chifukwa chake alenje ofuna mafuta ankasaka chinyamachi chitangotsala pang'ono kugona, kapena chitangogona kumene.

N'chifukwa chiyani ndi ofewa?

Aliyense amene anadyapo nyama ya mbuzi itazizira amadziwa kuti mafuta ake amauma pambale ndi kumata m'kamwa. A ng'ombe ndi a nkhosa chimodzimodzi. Koma a nkhumba ndi ofewa, ndipo a chimbalangondo chakuda ndi ofewa kuposa pamenepo. Mukawaika m'botolo m'nyumba yofunda, pamwamba pamakhala mafuta oyera mbee ngati madzi, pansi n'kudikha ena oyera ngati phala la mwana.

Kusiyanaku kumachokera m'mimba. Mbuzi, ng'ombe ndi nkhosa zimabzikula. M'chifu chawo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasintha mafuta a m'zomera kuti akhale olimba asanalowe m'thupi. Nkhumba ndi chimbalangondo zili ndi chifu chimodzi ngati munthu, kotero mafuta a m'chakudya amalowa m'thupi mwawo osasintha kwenikweni. Chimbalangondo chimene chanenepa ndi mtedza wam'tchire chimakhala ndi mafuta ofanako ndi a mtedza womwewo.

Pamenepa pali ubwino ndi kuipa komwe. Alenje amanena kuti chimene chanenepa ndi mtedza ndi zipatso chimatulutsa mafuta opanda fungo, okoma m'chakudya chilichonse. Koma chimene chakhala chikudya nsomba za salmon m'mitsinje, kapena zowola za kudzala, mafuta ake amanunkha zomwezo, ndipo palibe kayengedwe kamene kangachotse fungolo. Oweta nkhumba sangadabwe nazo. Nkhumba yodyetsedwa nsomba zambiri nayo imamveka nsomba m'mafuta mwake.

Kayengedwe kake

Kuyenga ndiko kulekanitsa mafuta enieni ndi madzi, mitsempha ndi tinyama timene timawawoletsa. Njira imene alenje a ku America amatsata lero siisiyana ndi ya makolo awo, ndipo siisiyananso ndi ya mafuta a nkhumba, aja m'masitolo amalemba kuti banha.

Choyamba ndi changu. Mafuta a chimbalangondo osayenga sachedwa kusasa, choncho amawasenda pachinyama tsiku lomwelo ndi kuwaika pozizira. Kenaka amachotsa kanyama kalikonse kofiira, magazi, ubweya ndi dothi, chifukwa zimenezi n'zimene zimabweretsa fungo. Akatero amawadula tizidutswa ting'onoting'ono ngati nsonga ya chala, kapena kuwapera pamakina, kuti asungunuke mofanana.

Chachiwiri ndi kudekha. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tizidutswa tija amatiika mumphika wokhuthala, ena amathirako timadzi pang'ono pansi kuti tisapserere poyamba, ndipo moto wake umakhala wa makala ochepa, osati walawilawi. Ntchitoyi imatenga maola angapo, munthu akutakasa pafupipafupi. Mafuta akayamba kufuka utsi ndiye kuti moto wachuluka, ndipo amada ndi kuwawa. Chizindikiro chakuti apsa ndi ichi: kuthetheka ndi thovu zimaleka, kusonyeza kuti madzi onse atuluka, ndipo zotsalira zimafiira n'kuuma. Zotsalirazi, zimene pa Chipwitikizi amati torresmos, amazithira mchere n'kudya.

Chachitatu ndi kusefa ndi kusunga. Mafuta akadali otentha amawasefa pansalu yoyera, kawiri ngati n'kotheka, n'kuwathira m'mabotolo ochapa bwino ndi ouma gwaa. Dontho la madzi kapena kanyama kotsalira ndi kokwanira kuwononga botolo lonse. Adani a mafuta oyenga ndi anayi: madzi, mpweya, kuwala ndi kutentha. Botolo lotseka bwino, loikidwa pamdima ndi pozizira, limakhala miyezi yambiri.

Eni dzikolo, amene anali kumeneko azungu asanafike, ankadziwa zonsezi kalekale. James Adair, wamalonda amene anakhala zaka zambiri pakati pa anthu a mtundu wa Chickasaw, analemba m'buku lake la 1775 kuti iwo ankayenga mafutawa pamodzi ndi zonunkhira za m'tchire monga sassafras, n'kuwasunga m'mitsuko ikuluikulu yokwiriridwa pansi, ndipo ankakhala abwino kuchokera nyengo yozizira ina kufikira inzake. Mfalansa wina, Le Page du Pratz, amene anakhala ku Louisiana ndipo anatulutsa buku lake mu 1758, anafotokoza kuti mafutawa ankabwera kudzagulitsidwa m'matumba a chikopa cha gwape.

Pamafuwa

M'midzi yatsopano ya kunkhalango nkhumba ndi ng'ombe zinali zochepa, ndipo sitolo inali kutali ulendo wa masiku ambiri. Mafuta ophikira a m'mabotolo amene tikuwadziwa lero kunalibe. Choncho mafuta a chimbalangondo ndiwo anali okazingira nyama, nsomba ndi mbatata, ndiponso othira m'chakudya cha chimanga. Nyama ya gwape ilibe mafuta ambiri, ndipo munthu wogwira ntchito yolemetsa m'chisanu sangakhute nayo yokha. Ankaiviika m'mafuta a chimbalangondo kuti ipatse mphamvu. Afalansa a ku Louisiana ankawagwiritsa ntchito m'malo mwa batala ndi mafuta a azitona, amene ankachokera kutali kutsidya la nyanja.

Ngakhale anthu a paulendo ankawadalira. Pulezidenti Thomas Jefferson atatuma Meriwether Lewis ndi William Clark kuti adutse dzikolo mpaka kunyanja ya Pacific, pa ulendo wa 1804 mpaka 1806, gulu lawo linkayenga mafuta a zimbalangondo zimene linkapha ndi kuwasunga m'migolo. Mu Meyi 1805, m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, anapeza malita pafupifupi 30 kuchokera ku chinyama chimodzi. Chimenechi chinali cha mtundu wina waukulu wotchedwa grizzly, ndipo iwo anaona kuti mafuta a mtundu umenewu akazizira amalimba ngati a nkhumba, kuposa a chakuda chija.

Lero amene amasunga mafutawa amawatama makamaka pa zophika za ufa wa tirigu. Akawasakaniza ndi ufa, mabisiketi ndi zitumbuwa za kumeneko zimatuluka zofewa ndi zofumbutuka, ndipo mandasi okazingira m'mafutawa samveka fungo la nyama. Koma tisaiwale kuti mafuta ndi mafuta basi. Amapatsa mphamvu zambiri, ndipo munthu wongokhala akawachulutsa amanenepa ngati mwini wake.

Pamfuti

Tsopano tifike ku mfuti. Gogodera ndi mfuti imene wonga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa, munthu n'kuzigogodera ndi ndodo mpaka pansi. Mfuti zotere zinafika kuno kudzera mwa amalonda a mumtsinje wa Zambezi, ndipo Achikunda ankasakira nazo njovu m'zaka za m'ma 1800. Zambiri mwa zimenezo zinali zosalala m'kati mwa mpope, ndipo pa mtunda wopitirira mamita 60 kapena 70 kulasa chinthu kunali kwamwayi.

Ku America kunabadwa mtundu wina. M'zaka za m'ma 1700 amisiri ochokera ku Germany amene anakhazikika ku Pennsylvania, makamaka dera la Lancaster, anayamba kusula mfuti yaitali yokhala ndi tingalande topotana m'kati mwa mpope. Tingalandeti timachititsa kuti chipolopolo chituluke chikuzungulira ngati nguli, ndipo monga nguli yozungulira siigwa, chipolopolo chozungulira sichikhotera kumbali. Mlenje waluso ankatha kulasa nayo pa mamita 200. Mfutiyi inadzatchuka ndi dzina lakuti Kentucky.

Koma panali vuto. Kuti chipolopolo cha mtovu chizungulire, chiyenera kugwira tingalande tija mothina. Chikathina kwambiri, kuchilowetsa kumafuna nyundo. Chikachepa, chimangogubuduka ndipo mphamvu ya wonga imathawira m'mbali. Yankho lake linali kansalu. Chipolopolo ankachiumba chochepa pang'ono kuposa mpope, n'kuchikulunga m'kansalu kolimba kapena kachikopa kopyapyala kodzozedwa mafuta. Mlenje ankathira wonga woyeza, kuyala kansalu pakamwa pa mfuti, kuika chipolopolo pamwamba, kuchikankha ndi chala, kudula nsalu yotsala ndi mpeni, kenaka kuchitsitsa ndi ndodo mpaka chikhale pa wonga. Mfuti zambiri zinali ndi kabokosi pathako pake kosungiramo tinsaluti, ndipo zina za kumapiri a kummwera zinali ndi kabowo chabe kodzaza mafuta, kuti mlenje azipakapo kansalu.

Mafuta a pakansalu amagwira ntchito zinayi. Amaterereza chipolopolo kuti chitsike popanda kulimbana nacho. Amathandiza kansalu kutseka mpata kuti mphamvu isathawe. Amateteza kansalu kuti kasapse ndi moto wa wonga kasanatuluke. Ndipo ntchito yachinayi, imene ili yaikulu kuposa zonse, ndiyo kufewetsa mwaye.

Wonga wakuda ndi wauve. Ukayaka, woposa theka susanduka mpweya ayi: wina umatuluka ngati utsi, wina umatsala m'kati mwa mpope ngati mwaye. Mukaombera kangapo mwayewo umaunjikana ndi kuuma, mpaka chipolopolo chimakakamira pakati. Apa m'pamene pali ngozi, pakuti chipolopolo chikapanda kufika pa wonga, mpope ungathe kutupa kapena kuphulikira m'manja mwa mwini wake. Kansalu ka mafuta kamasiya mwaye uli wofewa, ndipo kansalu kotsatira kamausesa potsika.

N'chifukwa chiyani a chimbalangondo osati ena?

Wina angafunse kuti, kodi mafuta alionse sangachite zimenezi? Oombera mfutizi anayesa zambiri, ndipo chilichonse chili ndi chilema chake.

Malovu amagwira bwino ntchito ngati munthu aombera nthawi yomweyo, ndipo ambiri a pampikisano amangolumira kansalu m'kamwa. Koma mlenje amayenda ndi mfuti yodzaza tsiku lonse. Malovu amauma, amachititsa dzimbiri pamene chipolopolo chakhala, ndipo m'chisanu amaundana. Mafuta a ng'ombe ndi a nkhosa ndi abwino kukatentha, koma kukazizira kwambiri amalimba ngati sopo, kansalu n'kuuma gwaa. Mafuta otsala pokazinga nyama ya mchere ndi oipa kuposa onse, chifukwa mchere umaitana dzimbiri. Ndipo mafuta a makina, ochokera pansi panthaka, amene anabwera pambuyo pake, oombera ambiri amawakana m'kati mwa mpope, ponena kuti akakumana ndi mwaye wa wonga wakuda amasanduka phula lolimba lovuta kuchotsa.

Mafuta a chimbalangondo, pokhala ofewa mwachibadwa, salimba msanga m'chisanu, amalowerera bwino mu ulusi wa nsalu, sauma, ndipo akayengedwa opanda mchere sadya chitsulo. Kufewa komwe kumawachititsa kukoma mumphika n'komwenso kumawachititsa kuyenera pamfuti. M'nyengo yotentha, pamene amayenderera kwambiri, amawasungunula pamodzi ndi phula la njuchi kuti alimbeko. Chinthu chimodzi chimene oombera amachenjezana ndi kusachulutsa. Kansalu kayenera kukhala konyowa chabe, osati kodontha, chifukwa mafuta akalowa mu wonga mfuti imakana kulira.

Ntchito ina imabwera kusaka kukatha. Mwaye wa wonga umakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mfuti yogonekedwa osatsuka imayamba dzimbiri usiku umodzi wokha. Zengerezu analinda kwawukwawu. Choncho tsiku lomwelo amatsuka mpope ndi madzi, kuupukuta mpaka uume, kenaka kuupaka mafuta pang'ono m'kati ndi kunja. Mafuta omwewo ankapaka thumba la chikopa la zipolopolo ndi nsapato kuti madzi asalowe, ndipo eni dziko ankadzola pakhungu podziteteza ku udzudzu ndi mphepo yozizira.

Panalinso ntchito ina imene inali yabodza. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mafuta a chimbalangondo ankagulitsidwa ngati mankhwala omeretsa tsitsi padazi, poganiza kuti popeza chinyamacho chili ndi ubweya wambiri, mafuta ake angapatse munthu tsitsi. Dazi silinachoke, ndipo ambiri mwa mafuta ogulitsidwawo anali a nkhumba kapena a ng'ombe osakaniza ndi zonunkhira.

Mafuta atasanduka malonda

Pamene banja linkapha chimbalangondo chimodzi kapena ziwiri pachaka kuti lipeze mafuta a pakhomo, nkhalango inkatha kubwezera. Zinthu zinasintha mafuta, nyama ndi zikopa zitapeza msika. Davy Crockett, mlenje wotchuka wa ku Tennessee amene anadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo, analemba m'buku la moyo wake la 1834 kuti anapha zimbalangondo 105 chaka chisanathe, cha m'ma 1825 ndi 1826. Ameneyo anali munthu mmodzi ndi agalu ake. Alenje onga iye analipo ambiri.

Chimbalangondo sichiswana ngati nguluwe. Chachikazi chimayamba kubereka chili ndi zaka zitatu kapena kuposerapo, chimabereka kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo kawirikawiri ana amakhala awiri kapena atatu. Chinyama chotere sichingapirire kuphedwa mwaunyinji. Kuwonjezera apo, nkhalango za mitengo ya mtedza ija zinkagwetsedwa kuti apeze matabwa ndi minda.

Arkansas, kwawo kwa katauni ka Oil Trough, kunali zimbalangondo zambiri kotero kuti anthu ankachitcha chigawo cha zimbalangondo. Akatswiri amaganiza kuti zinkafika mwina 50,000. Pofika zaka za m'ma 1930 zinatsala zosakwana 50, zitabisala m'madambo a kumunsi kwa mtsinje wa White womwe uja unkanyamula mafuta awo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Malonda a mafuta anatha chifukwa mwini mafuta anatha.

Mu 1927 boma la chigawocho linaletsa kusaka zimbalangondo. Koma kuletsa kokha sikunakwanire, pakuti zotsalazo zinali zochepa kwambiri. Pakati pa 1958 ndi 1968 bungwe loona za nyama ndi nsomba la Arkansas linakagwira zimbalangondo 254 ku Minnesota ndi ku Manitoba, m'dziko la Canada, n'kudzazimasula m'mapiri a Ozark ndi Ouachita. Zinaswana. Mu 1980, patatha zaka 53 chiletso chili m'malo, kusaka kunatsegulidwanso, koma motsata malamulo: nyengo yake yoikika, chilolezo, ndi chiwerengero chimene chikakwana kusaka kumatsekedwa. Lero chigawocho chili ndi zimbalangondo zoposa 5,000. Taonani kusiyana kwake: kuwononga kunatenga alenje ndi agalu chabe, koma kubwezeretsa kunatenga zaka zoposa 50, ndalama zambiri, ndi mbewu yochokera kudziko lina.

Masiku ano

Mfuti za gogodera sizinathe ku America, ngakhale kuti palibe amene amazidalira kuti adye. Kuli bungwe la okonda mfutizi, la National Muzzle Loading Rifle Association, limene linayamba mu 1933 ndipo limachititsa mipikisano ku Friendship, m'chigawo cha Indiana. Zigawo zambiri zili ndi nyengo yapadera yosakira ndi mfuti zoterezi. M'masitolo muli mafuta opangidwa kufakitale a ntchito imeneyi, komabe ambiri okonda njira zakale amafunafuna a chimbalangondo. Popeza malamulo a kumeneko kawirikawiri amaletsa kugulitsa nyama yam'tchire, mafutawa amapezeka makamaka mwa kupatsana: mlenje amene wapha chimodzi ndi chilolezo amayenga, n'kugawira anzake timabotolo.

Pali chenjezo limodzi limene madokotala a kumeneko amabwereza chaka ndi chaka. Nyama ya chimbalangondo imakhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa Trichinella, timene timabisala m'minofu. Munthu akadya nyama yosapsa bwino, amayamba kutsegula m'mimba, kenaka kutentha thupi, kutupa m'maso ndi kuphwanya kwa minofu, ndipo ena amagonekedwa m'chipatala. Mu 2022 anthu asanu ndi mmodzi anadwala atadya limodzi pa msonkhano wa banja ku South Dakota. Nyama yake inachokera ku Saskatchewan, ku Canada, ndipo inali itakhala mufiriji yowumitsa masiku 45, koma tinyongolotsito tinali tikadali tamoyo. Awiri mwa odwalawo sanadye nyama n'komwe, anangodya ndiwo zamasamba zimene zinaotchedwa pamodzi ndi nyamayo. Chimene chimapha tinyongolotsiti ndi moto: nyama ipse mpaka m'kati, kufika madigiri 74. Mafuta oyenga bwino alibe vutoli, pakuti amakhala pamoto maola ambiri ndipo tinyama tonse timasefedwa.

Chenjezo limeneli likutikhudza ifenso. Tinyongolotsi ta mtundu womwewu tapezekapo mu njiri ndi nguluwe za m'Africa muno, ndipo nkhumba nazo zingathe kukhala nato. Nyama yofiira m'kati, yongowaula pamoto wa pamsika kapena pamowa, si yoti munthu aidye kapena kupatsa mwana.

Za mfuti, tikumbutsane kuti gogodera ndi mfuti ngati ina iliyonse pamaso pa lamulo. Kuisunga kapena kusaka nayo popanda chilolezo ndi mlandu, kuno ngakhalenso kutsidya kwa malire, ndipo zosula pakhomo ndi mipope wamba ndizo zimaphulika kawirikawiri.

Koma luso la kuyenga ndi la aliyense. Amene mwapha nkhumba, chotsani tinyama tonse pamafuta, dulani ting'onoting'ono, ikani pamoto wochepa, dikirani thovu lithe, sefani pansalu yoyera, ndipo thirani m'botolo louma lotseka bwino. Ngati mukufuna ena opaka khasu, nkhwangwa, mpeni kapena zingwe za chikopa za pangolo, patulani amenewo musanathire mchere.